Kaunjika pa Khonde la Ababa

Amene anandikumbutsa zonsezi ndi mwana wanga Tadala, ngakhale mwini wake sakudziwa. Tsiku lina atachokera kusukulu anatambasula buku pathebulo la kukhitchini kwathu ku Ellenbrook, kuno ku Perth m'dziko la Australia, n'kundionetsa chithunzi cha makedzana cha ku Mangalande. Banja lonse linali m'chipinda chimodzi. Bambo akuluka nsalu, mayi akupota ulusi, ana ali pansi akupesa ubweya wa nkhosa, mphika uli pamoto pakona. Anandifotokozera m'Chingerezi chake chotulukira m'mphuno chija kuti kalelo anthu ankagwirira ntchito pakhomo, kenako kunabwera mafakitale, nsalu n'kutchipa, mabanja aja n'kusowa chogwira. Aphunzitsi anali atawauza kuti alembe za zimenezo.

Anandifunsa kuti, “Nanga anthu amenewa anapita kuti, Mami?”

Ndinati, “Ena anapita ku Perth.”

Iye anaseka, ine sindinaseke. Chithunzicho chinali cha kwathu ku Mponela, kungosiyana khungu ndi zipewa.

Ababa, a Mbewe, anali telala. Nyumba yathu inali kuseri kwa msika, ndipo khonde lake ndilo linali shopu. Makina awo anali akuda, opalasa ndi miyendo, ndipo phokoso lake ndi limene linkatidzutsa m'mawa. Pakhomo pathu panalibe wodya chabe. Ababa ankayeza, kudula ndi kusoka. Amayi ankapanga zibowo za mabatani ndi manja, uku akuyang'anira nyemba pamoto. Ine ndinali wa simbi ya makala ndi kupinda. Mlongo wanga wamng'ono, Yohane, anayesedwa paliponse n'kulephera paliponse. Manja ake anali olemera, pakamwa pokha ndiye panali popepuka, choncho ankatumidwa kukagula ulusi ndi kukaitana makasitomala. Mwezi wa Khirisimasi ndi potsegulira sukulu tinkadya chiimirire, ndipo kupeza ulusi mu ndiwo sinali nkhani yoti munthu n'kudandaula.

Ababa anali ndi kapindidwe kawokawo ka malaya, ndipo anandiphunzitsa ndi rula pamsana pa dzanja. Umamanga mabatani onse mpaka la pakhosi, kuwagoneka malayawo chafufumimba, kupingasa manja kumbuyo, kenako kupinda patatu kuti kolala ilowe mkati. Anthu ena onse amasiya kolala pamwamba kuti ioneke. Ababa ankati kasitomala akuyenda ndi malaya ake mumsewu wafumbi, ndiye kolala itetezedwa ndi ndani? Ndinapinda malaya choncho kuyambira ndili sitandade 3, mpaka manja ankachita okha mutu uli kwina.

Nditakula pang'ono anandigwiritsa sizasi. Tsiku limene ndinadula ndekha diresi ya mayi wina wa mvano, Ababa anaitembenuza, kuyendetsa chala chachikulu pamsoko wonse, n'kuwauza Amayi ngati ine palibe, “Dzanja lili mwa Nambewe. Makina awa ndi ake.” Sindinagone tulo tabwino sabata imeneyo chifukwa cha kunyada.

Kaunjika anali atafika kale pa Mponela nthawi imeneyo, koma Ababa ankalimbabe. Mayunifolomu a sukulu, a mvano, masuti a ukwati ndi malaya a aphunzitsi zinkabwera kwa iwo. Kaunjika ankadana naye ngati matenda. Ankamutchula kuti zovala za akufa, ndipo m'nyumba mwathu simunkalowa ngakhale sokosi imodzi ya pamulu. Yohane atagula jekete mobisa, Ababa anaipachika pamtengo wa mango panja mpaka mvula inaiwononga.

Ndinakwatiwa ndi namwino wa pachipatala cha boma, bambo a Tadala. Anapeza ntchito yosamalira okalamba ku Perth, anatsogola, ndipo patatha chaka anatiitana ine ndi mwana, amene anali ndi zaka ziwiri. Tsiku lonyamuka achibale onse anatiperekeza ku basi, kupatula Ababa. Iwo anakhala pamakina ngati tsiku wamba. Nditagwada kuti nditsanzike, anaimitsa miyendo.

“Zaka zingati?”

“Zitatu, Ababa. Tikangopeza poyambira ndibwera.”

“Maso angawa zitatu adikira. Zinayi sindikudziwa.” Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. “Kumeneko ukasoke. Dzanja lisakazizire.”

Ndinalonjeza zonse ziwiri, kubwerera ndi kusoka. Sindinkanama tsiku limenelo.

Ku Perth ndinayenda ndi chikwama cha zovala zimene ndinasoka ndekha, kuonetsa m'mashopu ochepa osokera amene ndinawapeza. Ankaziyamikira, kenako n'kundifunsa mapepala ndi makina amagetsi amene ndinagwiritsapo. Ine ndinkadziwa makina a miyendo basi. Ndinatsuka mbale ndi kukolopa m'malesitilanti ku Northbridge miyezi ingapo, mpaka mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandimvera chisoni. Anali ba Esnart, a ku Chipata ku Zambia, mayi wamfupi wa mawu aakulu amene ankaseka ngakhale pamaliro. Anati kuntchito kwawo ku Canning Vale akufuna anthu, ndipo ndi ntchito ya zovala.

Ndinavala diresi yanga yabwino tsiku loyamba, tepi yoyezera ili m'chikwama. Ndinali chitsiru chosangalala. Tinalowa m'chinyumba chamalata chachikulu kuposa msika wonse wa Mponela. Munalibe makina osokera ngakhale amodzi. Munali lamba wautali woyenda yekha, ndipo pamwamba pake pankadutsa zovala zosatha, zimene anthu a mumzindawu amataya m'mabini a zachifundo. Azimayi anaima mbali zonse ziwiri akutola ndi kuponya m'madengu. Kumapeto kunali chimakina chopsinja zovalazo kukhala mabelo, n'kumanga ndi mawaya.

Ndinafunsa, “Ba Esnart, mabelo amenewa amapita kuti?”

“Kwanu, kwatu, konse-konse. Ni salaula iyi, mwana. Imwe mumati kaunjika.” Anandiponyera magolovesi. “Manje vala, lamba siyembekeza muntu.”

Pa ntchito zonse za m'dziko lalikulu ngati limeneli, mwana wa a Mbewe n'kugwera pamene pamachokera zovala za akufa. Ndinaganiza zotuluka. Kenako ndinaganiza za lendi, ndi nkhope ya bambo a Tadala akamabwera kushifiti msana uli wokhota, ndipo ndinavala magolovesi aja.

Lamlungu lotsatira ndinaimba foni kumudzi. Ndinati ndapeza ntchito ya zovala.

Ababa anafunsa msangamsanga, “Ukusoka?”

Pakanakhala kamphindi koganiza mwina ndikananena zoona. Koma mawu awo anali ngati a mwana amene wauzidwa kuti kubwera alendo. Ndinati, “Eya, Ababa, ndikusoka.” Anafuula kuitana Amayi. Pofika sabata inayo Mponela yonse inali ikudziwa kuti Nambewe akusokera azungu ku Australia.

Ntchito ija inali yoima kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Zovala zabwino kwambiri zinkatsala kuti zigulitsidwe m'mashopu a konkuno. Zapakati zinkapita m'mabelo a ku Africa. Zotheratu zinkadulidwa kukhala sanza zopukutira mafuta m'magalaja ndi m'migodi. Mwezi wa Januwale malata ankatentha mpaka thukuta kutsikira m'nsapato, ndipo fumbi la nsalu linkakhala pakhosi usiku ndi usana. M'matumba tinkapezamo zinthu zoti sindingalembe pano. Tinkapezamonso magalasi, mano oikirira, ndi timapepala tolembapo zokagula kusitolo. Matumba ena ankabwera athunthu kuchokera kunyumba zosungirako okalamba, zovala zonse za munthu mmodzi, dzina litalembedwa pakolala iliyonse. Tsiku lina ndinatchula dzina lina kunyumba, bambo a Tadala n'kusiya kudya. Anali gogo amene iwo ankamusambitsa, ndipo anali atamwalira Lachiwiri. Apo ndinadziwa kuti Ababa sankakokomeza.

Chimene chinkandipweteka kwambiri sichinali msana. Nthawi zina palamba pankadutsa chovala chosokedwa ndi manja, mpendero wake wobisika bwinobwino, ntchito ya munthu amene anakhala pansi masiku angapo. Ndinkachigwira kanthawi, ndipo manja anga ankayamba okha kumanga mabatani ndi kupinda.

Ba Esnart ankakuwa kuchokera tsidya la lamba, “Iwe telala! Siya mabatani! Ufuna bakuchose nchito?”

Kapitawo wathu anandiitanira pambali kawiri konse. Anati pano sitipinda, timaponya. Ndinaphunzira kuponya, koma zinanditengera chaka.

Masana tinkakhala pamatabwa kuseri kwa chinyumbacho, pamthunzi wa kontena, ine ndi ba Esnart, kugawana zimene tabweretsa. Iwo anali atagwira pamenepo zaka zambiri ndipo mikono yawo inali yomanga mabandeji. Ankandiseka chifukwa cha bodza langa. Lolemba lililonse ankandifunsa, “Manje sabata ino wasokela ndani? Mukazi wa pulezidenti?” Ndinkaseka nawo, chifukwa Ababa ankafunsadi Lamlungu lililonse, ndipo ine ndinkapeka madiresi a ukwati ndi makoti amene sanakhaleko. Ndinafika popeka ngakhale makasitomala ovuta, kuti Ababa azindilangiza mowayankhira.

Yohane ndi amene anatulukira zoona, mlamu wake, bambo a Tadala, atalankhula mosaganiza pafoni. Panthawiyo Yohane anali atakwatira, ali ndi ana awiri, ntchito alibe, onse akudyera pamakina a Ababa. Mayunifolomu a sukulu anali atayamba kubwera osokasoka kuchokera mutauni. Amayi anali akudwaladwala. Anandiimbira yekha tsiku lina.

“Achemwali, ndalama mumatumizazi timathokoza, koma zimatha ngati mchere m'madzi. Inu muli pachitsime penipeni. Tumizani katundu, ine ndizigulitsa, pakhomo pano padziimire pokha.”

Ndinamukalipira. Ndinamufunsa ngati waiwala jekete ija ya pamtengo wa mango. Anangoti jekete siidyedwa, ndipo Amayi akufunika mankhwala. Anaimbanso, n'kuimbanso. Kuntchito ankatilola kusankha zovala n'kugula motchipa, ndipo Amalawi a kutchalitchi ankasonkherana kontena yopita kumudzi kawiri pachaka. Njira inali yotseguka, chotchinga ndinali ine ndekha. Mwezi wachitatu ndinagonja, koma ndinaika malamulo awiri. Akagulitsire ku Madisi, kutali ndi khonde. Ndipo Ababa asadzadziwe kuti katunduyo akuchokera kwa ine. Awauze kuti amaoda ku Lilongwe.

“Zimenezo ndiye zosavuta,” anatero Yohane. Kwa iye chilichonse chapakamwa chinali chosavuta.

Loweruka lililonse ndinkadzitsekera m'galaja kunyumba. Ndinkasankha ngati telala, osati ngati wamalonda. Nsalu yolimba, msoko wowongoka, kolala yosatha. Ndinkachapa, kusita, kusokerera batani pamene lasowa, ndi kulongedza m'makatoni. Ndinkadziuza kuti ngati ndikutumiza kwathu zovala za akufa, bola zipite mwaulemu. Zinali nthawi zokhazo pasabata pamene manja anga ankagwira ntchito imene anaphunzira, ndipo ndisaname, ndinkasangalala. Ndinachotsa chilichonse cholembedwa Perth pamakatoni. Ndinkadziona wochenjera kwambiri.

Ku Madisi Yohane anagulitsirako miyezi iwiri yokha. Anati mayendedwe akudya phindu, ndipo anakhoma misomali pakhonde la Ababa n'kupachika mahang'ala. Ndinamva kwa mkazi wake kuti Ababa sanalankhule ndi munthu masiku atatu, koma sanachotse kalikonse, chifukwa tsiku lomwelo Amayi anaguliridwa mankhwala. Katunduyo ankayenda ngati moto. Panalibe kaunjika wotero pa Mponela yonse, waukhondo, wositasita, wopanda chilema. Aphunzitsi anasiya kusoketsa malaya. Akwati anayamba kubwera kudzasankha masuti pa hang'ala, mapazi awo ataponda pamene kale ankaima kuti Ababa awayeze. Ntchito imene inawatsalira Ababa inali yochepetsa mathalauza a azungu kuti akwane Amalawi.

Pafoni sanatchulepo zimenezi ngakhale kamodzi. Ankangofunsa kuti, “Wasoka chiyani sabata ino?” Ine n'kupeka. Ndikatsitsa foni ndinkapita kubafa kukasamba kumaso kuti Tadala asaone.

Zaka zitatu zija zinadutsa osagogoda n'komwe. Poyamba tinkadikira mapepala okhalira. Amayi anamwalira mapepalawo asanatuluke, ndipo maliro awo ndinawaonera pafoni ya mkazi wa Yohane, nditakhala m'galimoto panja pa ntchito. Kenako tinatenga nyumba ya ngongole. Kenako Tadala anayamba sukulu, Chichewa n'kumamva koma osayankha. Chaka chilichonse chinali ndi chifukwa chake chomveka bwino. Nthawi ina ndinasiya kutumiza makatoni, ndinati zakwana. Yohane anatumiza mauthenga a mawu motsatizana: ana abwezedwa kusukulu, Ababa akufunika mankhwala a maso, khonde lili mbee. Kontena yotsatira inanyamula makatoni anga asanu ndi limodzi.

Ba Esnart ankandiuza, “Ubauze chabe. Ba tate ni ba tate, bazakalipa, bazaleka.” Ine ndinkati ndidzawauza pamaso, si nkhani ya pafoni. Iwo anasiya ntchito manja atakaniratu. Zala zinapindika moti sankatha kumanga mabatani a bulauzi yawo, ndipo Lamlungu ndinkawamangira ine m'galimoto tisanalowe m'tchalitchi. Ankati, “Waona, telala, mabatani yako yapeza nchito.” Ankaseka, koma maso ali kumbali.

Chaka cha khumi ndi chimodzi Yohane anaimba kuti Ababa sakuonanso, ndipo akuonda. Ndinapempha masabata atatu kuntchito n'kupita ndekha.

Nyumba yathu ndinaidutsa osaizindikira. Khonde linali litakuzidwa ndi malata mpaka kumsewu, zovala zili lendelende mizere inayi, sipika ikuimba nyimbo. Yohane anatuluka ali ndi mimba ndi makiyi a galimoto m'manja, anthu akumutchula kuti bwana. Mkazi wake anandilandira bwino ndithu, n'kumandionetsa kwa makasitomala kuti awa ndi alamu a kunja. Ndinayang'ana pakona pamene pankakhala makina. Panali galasi lalitali loti anthu azidziyang'anira poyesa zovala.

“Makina ali kuti?”

Yohane anakanda kumutu. “Mutu wake tinagulitsa kwa telala wina wa ku Dowa. Unkangochita dzimbiri, achemwali. Thebulo lake lilipo, Ababa anakana nalo.” Anandikokera pambali n'kutsitsa mawu. “Za katundu uja musatchule. Mpaka lero amadziwa kuti ndi wa ku Lilongwe. Musawapweteke mtima pa ukalamba.”

Ndinawapeza kuseri, pansi pa mtengo wa mango uja. Anakhala pampando wawo wakale, kutsogolo kwawo kuli thebulo la makina lokhala ndi chibowo pakati pamene pankakhala mutu. Mapazi anali pachopondera, akupalasa pang'onopang'ono, gudumu likuzungulira lopanda lamba. Anali atachepa kwambiri. Ndinagwada pafumbi.

“Ababa, ndabwera.”

Miyendo inaima. “Nambewe.” Anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu anga. “Usadabwe ndi zimenezi. Ndikudziwa kuti mutu palibe. Miyendoyi ndi imene sinauzidwe.”

Tinalonjerana monga mwa mwambo, za ulendo, za bambo a Tadala, za mdzukulu wawo amene anamuona komaliza ali kumsana. Kenako anatambasula dzanja, kupeza mpendero wa diresi yanga, n'kuutembenuza. Chala chachikulu chija chinayenda pamsoko.

“Ya m'sitolo iyi.”

“Eya, Ababa. Nthawi imasowa.”

“Bweretsa dzanja.”

Ndinawapatsa. Anafufuza pachala chapakati ndi m'munsi mwa chala chachikulu, pamene telala aliyense amakhala ndi chikhungu cholimba cha sizasi. Panali posalala. Chikhungu changa chinali chitasamukira m'chikhatho, pogwirira madengu.

Ndinayamba, “Makina a kumeneko amadula okha, ndiye sizasi sitimagwira kwenikweni...”

“Usavutike,” anatero. “Pita kuchipinda kwanga. Pansi pa bedi pali sutikesi. Ubweretse chimene chili pansi penipeni, m'pepala la pulasitiki.”

Ndinapita. Pansi pa mabulangete ndi mabuku a nyimbo panali malaya abuluu a manja aatali, osavalidwapo chifikireni. Mabatani onse anali omanga mpaka la pakhosi. Manja anali opingasa kumbuyo. Anali opindidwa patatu, kolala ili mkati. Ndinawanyamula n'kutuluka nawo.

Anawalandira n'kuwaika pathebulo lopanda mutu lija. “Makatoni oyamba aja anafikira m'nyumba muno asanapite ku Madisi. Yohane anapita kukasamba. Ine ndinati ndione zonyansa zimene mwana wanga akufuna kugulitsa. Maso anali akuonabe nthawi imeneyo. Ndinatsegula imodzi.” Anasisita malayawo. “Ku Lilongwe kulibe munthu amene amapinda chonchi. Dziko lonse lapansi tilipo awiri.”

Zaka zisanu ndi zitatu zonsezi, iwo akudziwa. Ndinachotsa mapepala onse olembedwa Perth, ndinamulumbiritsa Yohane, ndinapeka madiresi a ukwati Lamlungu lililonse, koma malaya aliwonse m'makatoni amenewo ndinawapinda ngati mwana wa a Mbewe, osaganizako n'komwe. Ndinalira ngati mwana wamng'ono, nkhope ili pamaondo awo. Ndinanena zonse, za lamba, za mabelo, za magolovesi, kuti sindinasokepo chovala ngakhale chimodzi chichokereni pakhomo pano.

Nditatha ndinafunsa, “Nanga bwanji simunanene, Ababa? Bwanji munkandifunsabe zimene ndasoka?”

“Ndikanakufunsa zoona ukanachita manyazi. Ndimakudziwa. Ukanayamba kudumphitsa Lamlungu limodzi, kenako awiri, kenako zii. Ndinaona kuti bola bodza, mawu ako ndizimva.” Anatsokomola. “Ndiponso makatoni akabwera ndinkadikira onse atuluke, n'kupita kukagwiragwira. Ndinkati dzanja likadalipo, silinazizire lonse.”

Ndinaganiza kuti atha, ndipo mtima unayamba kutsika. Koma Ababa sanali munthu wosiya msoko pakati.

“Chimodzi chokha ndikudandaula, Nambewe. Unkasankha bwino kwambiri. Ukanatumiza zonyansa ngati anzako, anthu akanagula kamodzi n'kubwerera kwa ine. Koma iwe unkasankha ndi diso limene ndinakupatsa ine. Sindikanatha kupikisana nawe.”

Sananene mokalipa. Ananena ngati mmene ankauzira kasitomala kuti nsalu yake siikwana.

Anafunsa kuti ndikhala masiku angati. Ndinati masabata atatu. Anagwedeza mutu ngati munthu amene anadziwa kale, ndipo za kubwerera kudzakhala pamakina sanazitchule. Panalibenso makina oti n'kukhalapo. Anandibwezera malaya aja kuti ndikawaike momwe ndinawapeza, osawatambasula.

“Umuuze Yohane kuti tsiku langa likadzafika adzandiveke amenewa. Amene ndinasoka ndekha onse anatha. Ndakhala ndikunena moyo wanga wonse kuti izi ndi zovala za akufa. Awa ndiye anga.”

Masabata atatuwo ndinkakhala nawo pansi pa mango tsiku lililonse, iwo akupalasa, ine ndikuwauza za Perth yeniyeni. Za ba Esnart ndi zala zawo anafunsa kawiri. Kukhonde sipika inkaimba, ndipo Yohane ankabwera madzulo kudzandinong'oneza za masaizi amene akuyenda kwambiri, kuti ndikakumbukire pa kontena yotsatira. Nditamuuza kuti Ababa ankadziwa kuyambira tsiku loyamba, anangoti, “Ndiye palibe vuto, eti?”

Ndinabwerera ku Perth Loweruka, Lolemba n'kukhala ndili palamba. Makatoni ndikutumizabe. Pakhonde paja pakudya anthu asanu ndi awiri, ndipo palibenso china chimene ndingawatumizire choti n'kuwasunga.

Ababa anamwalira mvula yotsatira itangoyamba. Sindinapite, masiku anga a tchuthi anali atatha. Yohane anaimba atachokera kumanda kudzandiuza kuti zonse zayenda bwino, anthu anabwera ambiri, ngakhale matelala a ku Dowa ndi ku Madisi. Ndinamufunsa za malaya.

“Tinawaveka, achemwali, monga ananenera. Koma anativuta. Mlamu wanu anasita kawiri konse, ndi madzi omwe, mizere ya mopindidwa muja osachoka. Apita nayo choncho, mizere iwiri yopingasa pachifuwa.”

Ndinamuuza kuti asadandaule, mizereyo ndi yanga.